Matumba Amchenga Amene Ndinatsitsa

Cuamba,
19 Novembala 1989

Okondedwa achemwali a Margarita,

Landirani moni wochokera kuno ku Cuamba. Kodi muli bwanji kumeneko ku Mandimba, inu pamodzi ndi amayi ndi ana? Chifuwa cha amayi chija chinaleka, kapena akutsokomolabe? Ine m'thupi ndili bwino.

Kalatayi ndapatsira a Bacar, mnzawo wa alamu uja woyendetsa lole yobiriwira, amene akubwera kumeneko mawa ndi koluna, gulu lija la magalimoto loperekezedwa ndi asilikali. Akupatsaninso kamtolo kolemera kokutidwa m'chiguduli. Chonde musakamasule mpaka mutawerenga kalata yonse.

Ndiyambe ndi zimene mtima wanu ukufuna kumva. Alamu a Bernado ali moyo ndipo akupeza bwino pang'onopang'ono. Uthenga umene munalandira pa wailesi ya kumishoni unangoti avulala, chifukwa pa wailesi salola mawu ambiri. Zoona zake ndi izi: mwendo wakumanzere anaudula m'munsi mwa bondo. Wakumanja ulipo. Anachotsamo tizitsulo tambiri, ndipo akuchipatala akuti udzaponda pansi. Kutentha thupi kunaleka sabata yatha.

Pakamwa pokha sipanavulale. Dzulo ndinawapititsira mpunga ndi nyemba zimene ndinaphika ndekha. Analawa kamodzi, nandifunsa pamaso pa odwala onse ngati ku yunivesite ku Maputo kulibe phunziro la kathiridwe ka mchere. Kenaka anauza bambo wogona pa bedi loyandikana nawo kuti bomba linawalephera, koma nyemba za a Dotolo ziwamaliza. Chipinda chonse chinaseka. Dzina limeneli la Dotolo anandipatsa ndi iwo, tsiku lija ndinabwera ku Ngauma ndi pepala langa la maphunziro a zaulimi, ndipo tsopano ngakhale anamwino akundiitana choncho.

Za m'tauni muno palibe zambiri. Sitima yochokera ku Nampula yafika kawiri kokha chiyambire Okutobala. Sopo kulibe. Anthu othawa ku Lúrio achuluka, akugona m'makhonde pafupi ndi siteshoni, ndipo ana awo akuthyola mango asanapse. Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri, ndipo denga la chipinda changa likudontha pamalo aja pomwe linkadontha chaka chatha.

Abambo a kumishoni andiuza kuti mwatumiza mawu akuti mubwera kuno ndi koluna yobwerera, kudzadwazika amuna anu. N'chifukwa chake ndikulemba. Ndili ndi pempho limodzi, koma sindingalinene ndisanakuuzeni chinthu china chimene simukuchidziwa. Ndayamba kalatayi katatu ndi kuing'amba. Alamu anandiletsa kukuuzani. Ndikuwalakwira kachiwiri polemba izi.

Mukuidziwa galimoto yoyera ija ya bungwe lathu lothandiza alimi, imene alamu ankayendetsa. Ntchito imeneyo ndinawapezera ndine, ndipo munandithokoza ndi nkhuku. Galimotoyo inagulidwa yatsopano ku Nampula mu Disembala chaka chatha. Inabwera ndi pepala lotchedwa garantiya, lomwe ndi lonjezo la ogulitsa lakuti china chikawonongeka chokha chisanathe chaka, iwo adzatumiza chatsopano. Pepala limenelo ndinkalisunga ndine mu ofesi, poti ndine ndimawerenga ndi kuyankha makalata onse.

Mwina munaonaponso kuti alamu ankayendetsa maondo ali m'mwamba, pafupi kugunda chiwongolero. Oyendetsa onse a mu koluna amayala matumba amchenga pansi pa mapazi ndi pansi pa mpando. Amati bomba lokwirira likaphulika, mchenga umagwira tizitsulo tisanafike ku miyendo. Palibe buku limene linawaphunzitsa zimenezi, anangoonerana. Alamu anali ndi matumba asanu ndi atatu. Anawasoka okha kuchokera ku matumba akale a ufa, nadzazamo mchenga wa kumtsinje, ndipo lililonse ankalidziwa malo ake.

Kumapeto kwa Seputembala, akuchokera ku Mandimba, mamola a kutsogolo kumanzere anathyoka. Mamola ndi zitsulo zija zazitali zosanjikizana pafupi ndi mateyala, zimene zimanyamula kulemera konse kwa galimoto. Zinathyoka zitatu. Alamu anafika pa ofesi galimoto itapendekeka, akuyenda ngati akuperekeza maliro, nandiuza kuti nthawi yoti pepala langa lionetse mphamvu zake yakwana.

Ndinatulutsa pepalalo ndi kuliwerenga mosamala, monga mmene ndimawerengera chilichonse. Linkati mamola ali m'gulu la zinthu zolonjezedwa. Koma m'munsi, m'zilembo zing'onozing'ono, linkati lonjezolo limafa ngati galimoto inanyamula zopitirira muyezo, kapena ngati mwini wake anaikamo zinthu zimene opanga sanavomereze. Ndinatenga pensulo. Ndinawonkhetsa kulemera kwa matumba aja, kwa chimanga chimene ankanyamula ndi kwa anthu okwera pamwamba, ndipo ndinapeza kuti tinkadutsa muyezo pa ulendo uliwonse.

Abwana athu anali ku Lichinga mwezi wonse umenewo, ndipo ofesi anasiyira ine. Ndinalembera ogulitsa aja kalata yofotokoza za kuthyoka kwa mamola. Za mchenga sindinatchulemo. Anayankha pa wailesi kuti atumiza munthu wawo ndi sitima, adzaone zitsulo zothyokazo ndi galimoto yomwe, kenaka adzagamule. Garantiya inali itatsala ndi miyezi iwiri yokha. Mamola atsopano kuno sapezeka, ndipo popanda galimoto imeneyo mbewu sizikanafika kwa alimi a ku Mandimba ndi ku Itepela. Ndikunena izi kuti mudziwe zimene zinali m'mutu mwanga, osati kuti ndidziyeretse.

Choncho ndinauza alamu kuti titsitse matumba onse munthuyo asanafike. Anaseka, nati iwo anakwatira mlongo wa munthu amene amawerenga ngakhale pepala lokutira sopo. Koma anatsitsa. Tinawaunjika kuseri kwa ofesi, pansi pa mtengo wa bwemba uja. Kenaka ine ndinatenga tsache ndi nsanza yonyowa, ndinagwada m'galimoto, ndi kuchotsa mchenga wonse m'ming'alu. Ndinatha masana onse. Ndikukumbukira kuti nditamaliza ndinakondwa ndi ntchito yanga.

Zitsulo zothyoka zija ndinaziika pansi pa tebulo langa kuti zidzakhale umboni. Alamu anapita kumene kuli malole akupsa aja, kuseri kwa siteshoni, nakamasula zitsulo zina zofananako. Anaziika m'malo mwa zothyokazo ndi kuzimanga ndi mphira za chubu. Galimoto inaimanso mowongoka, koma iwo anati yakhala ngati nkhalamba, ikufuna kuiyendetsa moinyengerera.

Munthu uja anayenera kufika Lachinayi. Sitima sinabwere. Sabata inatha, inanso inatha.

Pa 17 Okutobala masana asilikali anatiuza kuti koluna ya ku Mandimba inyamuka m'mawa mwake. Mbewu za chimanga zinali kale m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo mvula inali pafupi. Alamu anapakira mbewuzo. Atamaliza anabwera pa khomo la ofesi yanga, akupukuta manja pa buluku, nandifunsa ngati abwezeremo matumba awo.

Achemwali, mphindi imeneyo ndaibwereza m'mutu kosawerengeka. Tsiku lomwelo ndinali nditamva kusiteshoni kuti sitima yadutsa ku Malema ndipo ikhoza kufika tsiku lililonse. Ndinaganiza za mchenga umene ukanalowanso m'ming'alu yonse. Ndinaganiza za zitsulo zomangidwa ndi mphira, kuti mbewu ndi mchenga pamodzi zizithyolanso pakati pa msewu. Msewuwo unali utakhala bata miyezi itatu. Ndinawauza kuti apite choncho ulendo umodzi wokhawu.

Sanakane. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati, "Chabwino alamu, ophunzira ndinu." Potuluka anatembenuka pa khomo nanena kuti mwina n'zabwino ndithu, chifukwa kwa nthawi yoyamba akafika kwa akazi awo atatambasula miyendo ngati bwana.

Zotsatira ndinazimva kwa a Bacar, amene anali kumbuyo kwawo. Mu koluna lamulo n'lakuti aliyense aziponda m'mapazi mwa galimoto yakutsogolo, osapatuka ngakhale pang'ono. Alamu anali achinayi. Atayenda maola awiri anafika pamene panali dzenje pakati pa msewu. Malole atatu akutsogolo analowa m'dzenjemo n'kutuluka. Alamu anaopa kuti mamola omangirira aja sapirira, ndipo anapatutsa teyala lakumanzere kadanga kochepa, kosakwana ndi mkono womwe. Bomba linali pomwepo.

Anthu anayi amene anakwera pamwamba pa mbewu anaponyedwa pansi, koma onse ali moyo. A Bacar ndi amene anatulutsa alamu m'galimoto, namanga mwendo ndi lamba wawo, ndipo asilikali anawabweza kuno tsiku lomwelo. Ine anandipeza mu ofesi ndikulemba lipoti la feteleza.

Patapita masiku asanu ndi anayi sitima inafika, ndipo munthu wa ogulitsa uja anatsikamo. Anali bambo wachikulire waulemu, wotopa kwambiri, malaya ake atada ndi fumbi la ulendo. Ndinamuuza kuti galimoto kulibenso. Anapepesa. Kenaka anapempha kuona zitsulo zija, poti anali atabwera kale. Ndinazikoka pansi pa tebulo. Anatenga chimodzi, napita nacho pa zenera, nayang'ana pothyokapo, nakandapo ndi chikhadabo. Anati chitsulocho chinali ndi chilema kuchokera kopangidwa, ndipo magalimoto ena asanu ogulidwa nthawi imodzi ndi yathu anathyoka malo omwewo. Anasaina pepala ataimirira. Zonse sizinathe ndi mphindi khumi zomwe.

Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinamufunsa kuti zikanatha bwanji akanapeza matumba amchenga m'galimotomo. Anandiyang'ana modabwa. Anati m'dziko muno mulibe galimoto yoyenda kunja kwa tauni yopanda mchenga, ndipo yake yomwe ku Nampula ili ndi matumba asanu ndi limodzi. Anati mawu aja analembedwa ndi anthu a kutali amene sanaonepo misewu yathu, ndipo iye chiyambire nkhondo sanawagwiritsepo ntchito. Kenaka anandifunsa komwe angapeze tiyi.

Ndinamulozera. Atapita ndinatseka chitseko ndi kukhala pansi, pa simenti.

Mamola atsopano anafika ndi sitima yachiwiri, Lachisanu lapitali. Ndi okongola, opakidwa mafuta, okutidwa m'pepala lolimba. Anabwera ndi kalata yotithokoza chifukwa chosamala galimoto motsata malangizo. Ali pakona mu ofesi, ndipo galimoto yake ili m'mbali mwa msewu wa ku Mandimba, yopanda mateyala. Amene akuchokera kumeneko akuti chimanga chimene chinamwazika chayamba kumera m'mphepete mwa msewu, ndipo palibe amene angayerekeze kupondapo.

Ndafunsa anthu ambiri ngati mchenga ukanapulumutsa mwendowo. Msilikali wina wodziwa za mabomba anati mwina, poti bombalo silinali la mtundu waukulu. Namwino wina anati waonapo oyendetsa obwera ndi miyendo yonse iwiri, mchenga uli m'maso ndi m'makutu, ndipo waonaponso ena amene mchenga sunawathandize. A Bacar anangoyang'ana pansi, ndipo yankho limenelo ndi limene ndimalikhulupirira.

Alamu ndinawauza zonse, za munthu uja ndi za matumba ake asanu ndi limodzi. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo mwina ndinkafuna kuti atero. Anayang'ana kudenga. Kenaka anati amene anapatutsa teyala ndi iwo, osati ine, ndipo woyendetsa wa zaka khumi ndi zisanu sayenera kupempha chilolezo kwa mlembi kuti ateteze miyendo yake. Anati ndisiye kuyenda ndi nkhope ya Lachisanu Loyera, ikuwadwalitsa. Pomaliza anandigwira dzanja mwamphamvu nati nkhani ya matumbayi ithere m'chipinda momwemo, Margarita asaimve, chifukwa mwendo wapita kale ndipo safuna kuti mkazi wawo atayenso mlongo.

Ndinavomera. Kwa masabata awiri ndinasunga lonjezolo, ndipo ndikanatha kulisunga mpaka kalekale. Koma nditamva kuti mukubwera, ndinaona kuti ndiyenera kukupemphani kuti mundikhulupirire pa nkhani ya moyo wa amuna anu. Sindingapemphe zimenezo ndikubisa kuti ulendo watha anandikhulupirira iwo, ndipo zinatha chonchi.

Pempho langa ndi ili: musabwere. Msewu umenewo wadya kale mwendo umodzi wa banja lathu. Elena ndi Chico ali ndi kholo limodzi lotha kuyenda, ndipo amayi sangatunge madzi okha. Mvula yayamba, ndipo mukachoka tsopano munda umene anakubwerekani uja ugona chaka chonse. Ndiloleni ine ndidwazike alamu. Akatuluka m'chipatala adzakhala m'chipinda changa, pa bedi langa, ine ndidzayala mphasa. Mayi Benedita, oyandikana nane nyumba, amene amuna awo amagwira ntchito ku njanji, avomera kumawaona masana ndikakhala ku ntchito, ndiponso kundiphunzitsa kuphika. Kutsuka bala ndaphunzira kale. Tsiku loyamba ndinachita chizungulire, koma tsopano ndazolowera. Akadzalimba ndi kuzolowera ndodo, tidzafunafuna njira yabwino yowafikitsira kwa inu, ngakhale itakhala ya ndege ya kumishoni yodzera ku Lichinga.

Chimwalirireni amalume athu, mwini mbumba ndine, ngakhale ndine wamng'ono kwa inu. Munasiya sukulu kuti ine ndipitirize. Ndikukumbukira mukusunga fodya wanu padera kuti ndipeze nsapato zopitira ku sekondale. Ndinkaganiza kuti maphunziro amenewo adzakhala mpanda wa banja lathu. Tsopano ndimadzifunsa ngati sanangondiphunzitsa kuopa pepala kuposa msewu. Sindikudziwa. Pali masiku amene ndimaona kuti aliyense wokhala pa mpando wanga akanachita chimodzimodzi, koma maganizo amenewo sakhalitsa.

Tsopano mukhoza kumasula kamtolo kaja. Muli khasu lopanda mpini. Munthu wa ku Nampula atasaina, zitsulo zothyoka zija zinatha ntchito, ndipo abwana atabwera anati ndizitaye. Nditauza alamu, anati ndine wopusa ngati ndingataye chitsulo cha mola, chifukwa palibe chitsulo china chimene chimatulutsa khasu lolimba ngati chimenecho. Anandituma kwa a Selemane, osula zitsulo kumsika, ndipo anandiuza kukula kwake ndi manja, kuti lisakhale lolemera chifukwa phewa lanu lakumanja limavuta. A Selemane anasula makasu awiri ndi nkhwangwa. Limodzi ndi limenelo. Linalo alamu alisunga pansi pa bedi, akuti ndi lawo, adzalimira atakhala pansi ngati mfumu. Mphatsoyo ndi yawo, osati yanga. Musalikane chifukwa cha ine.

Sindikukupemphani kuti mundikhululukire m'kalata yobwera ndi koluna imeneyi. Mwina simudzatero, ndipo sindidzadabwa. Ngati mwavomera kukhala, ingouzani a Bacar kuti khasu mwalilandira, ine ndidzamva. Amayi muwauze zimene mukuona kuti angathe kunyamula. Alamu ndiwauza ndekha mawa kuti ndaphwanya lonjezo, koluna ikangonyamuka.

Koma ndikukudziwani, achemwali. Mukatsimikiza chinthu simubwerera, ndipo mwina mutawerenga izi simungafunenso kusiya amuna anu m'manja mwanga. Zimenezonso ndaziganizira. Matumba aja anali akadali pansi pa bwemba, ndipo ndinkawadutsa m'mawa uliwonse. Awiri anali ataola ndi mvula, ndawasokanso. Lero masana ndawanyamula ndekha, limodzilimodzi, onse asanu ndi atatu, ndi kuwayala mu lole ya a Bacar kumbali ya wokwera, pansi pa mpando ndi popondapo. A Bacar anati lole yawo ilemera, mamola awo adandaula. Ndinawauza kuti akathyoka ndili ndi atsopano mu ofesi, tidzaona mowalowetsera.

Choncho ngati mukana pempho langa, musakwere pamwamba pa katundu, musakwerenso galimoto ina iliyonse. Mukhale kutsogolo ndi a Bacar. Malo ndi opanikiza, maondo adzafika pachifuwa ndipo msana udzapweteka. Musatsitse thumba ngakhale limodzi, ngakhale wina wophunzira chotani atakuuzani.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala a chifuwa ndikufunafunabe. Moni kwa azakhali ndi ana awo, ndi kwa onse a kwathu ku Ngauma amene muli nawo kumeneko. Elena ndi Chico muwauze kuti bambo awo amawatchula tsiku lililonse, ndipo akuti Chico asakwere mumtengo wa mango mpaka iwo atabwera. Alamu akupereka moni kwa nonse. Kwa inu anati ndilembe kuti mpini mufune wa mtengo wouma bwino, musathamangire wauwisi.

Ambuye akusungeni, mukhale kapena mubwere.

Ndine mlongo wanu, ngati mukundilolabe kudzitchula choncho,

Gabrieli